Moto Wobadwa M'madzi

Kalekale, m'masiku amene amuna ankachoka kumudzi atapinda mphasa yokha n'kukabwerako atasenza masutikesi, kuchigwa cha Shire kunali mayi wina dzina lake Nadzimbiri. Anali wamtali, wolimba pa khasu, koma wa mtima wapachala. Akakwiya, mawu ankathamanga patsogolo, nzeru n'kumatsatira pambuyo zikutsimphina.

Mwamuna wake, Fungulani, anali mkamwini wofatsa wochokera kutsidya kwa mtsinje. Luso lake linali loomba nsalu. Mkazi ankalima thonje, mwamuna n'kumapota ulusi ndi kuomba pakhonde, ndipo anthu ankabwera kudzasinthanitsa nsaluzo ndi mbuzi, mchere kapena mapira. Pakhomopo njala sinkapondapo chifukwa cha khasu la mkazi ndi zala za mwamuna.

Nadzimbiri anali ndi alongo ake atatu amene anawalera yekha mayi awo atamwalira: Chikadza, Gwedeza ndi Sankhulani. Onse atakula anapita kukagwira ntchito kunja, ndipo chaka china anabwerako motsatizana, namanga tinyumba tawo pafupi ndi mlongo wawo. Aliyense anabwera ndi mphatso. Chikadza anachokera kumigodi ya ku Joni ndi kalilole wamkulu ngati lichero. Gwedeza, amene ankanyamula katundu padoko la ku Beira, anabwera ndi mabotolo awiri agalasi, a mimba yozungulira ngati dzungu. Limodzi anapatsa mlongo wake, lina anasunga. Sankhulani anabweretsa nsalu ya biriwita ya m'sitolo ya ku Halale, yakuda bii ngati kunsi kwa mphika. Nadzimbiri analandira zonse nathokoza, koma nsaluyo anangoipachika pachingwe osaivala, poti kulowetsa nsalu ya m'sitolo m'nyumba ya woomba nsalu kuli ngati kumutukwana mwaulemu.

Chaka chimenecho thonje linabereka kuposa kale lonse. Nkhokwe inadzaza, ndipo lotsala Nadzimbiri analiunjika m'nyumba yogona monga ankachitira zaka zonse, mulu kukwera mpaka kufika pakazenera. Nyumbayo inali ndi kazenera kamodzi kokha, ndipo denga linkatsika kwambiri mbali imeneyo, moti dzuwa silinkalowamo ngakhale tsiku limodzi. Masana m'katimo munkakhala mdima woti uzifufuza chikho ndi manja.

Itafika nyengo ya dzuwa loswa mtengo, Fungulani anagwidwa ndi malungo. Anagona pamphasa masiku anayi mkazi wake ali pambali. Tsiku lachisanu Nadzimbiri anaona kuti akapanda kupita kudimba, ndiwo zonse ziuma. Anaphikira phala panja, nazima makala ndi madzi, n'kuitana alongo ake.

"Ndikupita kudimba," anatero. "Muzisuzumira alamu anu. Chitseko muzitseka, mbuzi zingalowe."

Woyamba kufika anali Gwedeza, kukadali kam'mawa. Anapeza mlamu wake milomo itauma gwa, mtsuko wa madzi uli patali. Anasuzumira mumtsukomo napukusa mutu.

"Mumtsuko simuoneka kanthu, alamu. Munthu ukhoza kumeza ndi chule yemwe."

Anatenga botolo lija, nakalidzaza pachitsime, nalikweza m'mwamba kuti aone ngati madziwo ali oyera. Analikhazika pakazenera, pamthunzi podutsa kamphepo, pomwe wodwala akanalifikira atatambasula mkono. Kenaka anatseka chitseko n'kupita kukadula bango.

Wachiwiri anali Chikadza, dzuwa litakwera. Iye sanalowe, anangoima pakhomo n'kufunsa mmene mlamu wake wadzukira.

"Thupi lili chomwecho," anayankha Fungulani m'katimo. "Koma mdima wa muno ukundiopsa. Ndikatsegula maso ndikumaona ngati mwandiika kale m'manda."

Chikadza anaganiza zotsegula chitseko, nakumbukira mbuzi. Pamenepo anatenga kalilole amene ankakhala pakhonde, nakwera naye mumtengo wa masawu umene unali pabwalo. Anamupanikiza pa mphanda, namutembenuza pang'onopang'ono mpaka kuwala kwa dzuwa kunadumpha bwalo lonse n'kukalowa pakazenera paja.

"Kwawala?" anafunsa.

"Kwawala, alamu. Zikomo."

Chikadza anatsika akudzitamandira mumtima, napita kukaonjola misampha yake.

Wachitatu anali Sankhulani. Potsegula chitseko anachita kuphethira. Kuwala kuja kunkadutsa pambali pa botolo n'kugwera pa mulu wa thonje, ndipo thonjelo, poti ndi loyera, linkakumwaza m'nyumba monse. Wodwala anali ataphimba maso ndi mkono, akubuula.

"Kukundibaya m'mutu," anatero Fungulani. "Ndinapempha ndekha, koma kwanyanya."

Sankhulani anayang'ana kazenera, nayang'ana botolo, nayang'ana thonje. Anakoka biriwita pachingwe paja n'kuyala pamwamba pa muluwo. Nthawi yomweyo kuthobwa konse kunatha, m'nyumba munatsala kuwala kofatsa. Wodwala anausa moyo nagona tulo. Sankhulani anatseka chitseko mosamala, natenga mbedza zake.

Tsoka silinunkha. Dzuwa lili paliwombo, Nadzimbiri anaweramuka kudimba kuti apukute thukuta, naona utsi wakuda ukufuka pafupi ndi mtengo wa masawu. Anataya chitini chothirira n'kuliyatsa liwiro. Pofika, denga lonse linali lawilawi. Anthu ankathamanga ndi mitsuko, koma madzi a mumtsuko angachitenji pa thonje la chaka chonse? Nadzimbiri anakankha chitseko ndi phewa, nakwawa pansi pa utsi, napeza mwamuna wake atagwa chafufumimba pafupi ndi muluwo. Anamugwira miyendo n'kumukokera panja. Atangotuluka, denga linatitimira.

Fungulani anali moyo, koma manja ake sanalinso manja. Anali atayesa kuzima motowo ndi zikhatho. Khungu linasupuka, zala zinakhwinyata ngati za nkhuku yowamba. Malungo ndi ululu zinamutengera kutali, ndipo anamunyamulira m'nyumba ya Gwedeza asakudziwa aliyense.

Nadzimbiri sanalire. Anaima pa phulusa akuyang'ana pomwe panali thonje, pomwe panali mitengo yoombera, ndipo mtima unkamuwira ngati mowa wa tsiku lachitatu. M'nyumbamo munalibe moto. Makala anazima yekha. Ndiye kuti alipo anayatsa, ndipo dzina la munthuyo silinachedwe kumubwerera.

Kuseri kwa munda wake kunkakhala mayi wamasiye dzina lake Nagama, wobwera, amene malo anachita kupatsidwa ndi malemu mayi a Nadzimbiri. Miyezi iwiri m'mbuyomo mbuzi ya Nagama inalowa m'munda wa thonje, ndipo Nadzimbiri anaigenda n'kuithyola mwendo. Tsiku limenelo Nagama ananyamula mbuzi yake, nanena anthu akumva kuti, "Chabwino, tidzaonana."

Nadzimbiri anatembenukira anthu amene anasonkhana pabwalo.

"Tamverani nonse. Moto uwu sunagwe kumwamba, wayatsidwa ndi munthu. Ndikulumbira pali amayi anga amene agona kumanda uko. Amene wachita zimenezi, kaya ndi wobwera, kaya ndi wa bere limodzi ndi ine, achoka pa dziko lino la makolo anga. Madzi a pachitsime chino sadzawamwanso, ndipo pa maliro anga asadzapondepo. Ndikabweza mawu amenewa, amayi adzanditenge mvula isanagwe."

Azimayi achikulire anagwira pakamwa. Lumbiro lotchula manda silimezedwa.

Kuchoka pamenepo analunjika kwa Nagama, munsi uli m'manja, alongo ake atatu ali pambuyo. Anapeza miphika ndi mitsuko ili pathandala, nayamba kuiswa umodziumodzi.

"Ndalakwanji, amayi?" anafunsa Nagama.

"Unati tidzaonana. Taonana."

"Ine ndinali kunkhuni chichokere m'mawa. Utsi ndauona ndili kuthengo."

"Ndani anakuona kunkhuniko? Mfiti iwe, amayi anga anakupatsa malo ngati munthu, lero wawotcha manja amene amatidyetsa. Mwezi ukamaoneka ndisadzakupezenso pano."

Chikadza ndiye ankakuwa kuposa onse, akuti mayiyo ayamike kuti sanamugwetsere nyumba. Kuyambira tsiku limenelo Nagama akafika pachitsime, azimayi ankatenga mitsuko yawo n'kusendera kutali. Nagamayo ankaphikira m'phale, nayamba kumanga katundu wake m'mitolo.

Patapita masiku atatu, Fungulani anatsegula maso n'kuzindikira mkazi wake. Nadzimbiri ankamupaka mankhwala m'manja ndi nthenga ya nkhuku, uku akumufotokozera zimene wachita.

"Mwati Nagama mwamutani?" anafunsa Fungulani ndi mawu osasa.

"Ndamuuza achoke."

"Mwalakwa. Nagama sanafike pakhomo paja. Motowo ndinauona ukubadwa ndi maso angawa."

Nadzimbiri anaika nthenga pansi.

"Kuwala kumene Chikadza analowetsa sikunakhale malo amodzi," anapitiriza Fungulani. "Dzuwa likamayenda, nako kumasendera. Nditadzidzimuka kutulo ndinaona kwafika pa botolo. Botolo lonse linawala mbee. Koma kuseri kwake kuwalako sikunatuluke monga kunalowera. Kunalowa kotambalala, kunatuluka kutasonkhana pamodzi, kadontho kochepa ngati njere ya mapira, koyera kosayang'anika. Kadonthoko kanakhala pa biriwita. Ndinayesa malungo akundionetsa zinthu. Kenaka ndinamva fungo la sanza yopserera. Pamene miyendo inkalola kuti ndikwawe, thonje linali litagwira kale."

"Malungo akukulankhulitsani," anatero Nadzimbiri. "Madzi amazima moto, sabala moto. Mwapsa manja, ndipo mukufunabe kuikira kumbuyo mfiti imene yakuwotchani. Kufatsa kwanuko kwandikwana."

"Botolo linzake lili pakona apo. Kalilole sanapse, akadali mumtengo. Yesani, mundichititse manyazi."

Nadzimbiri anavomera, osati chifukwa chokhulupirira, koma kuti nkhani imeneyi ife pamaso pa anthu. M'mawa mwake dzuwa litakwera anaitana alongo ake ndi anansi onse. Anatumiza mawu kwa Nagama kuti nayenso abwere, aone kuti pothawira palibe. Fungulani anamukhazika pakhonde la Gwedeza atatsamira khoma, manja ali pamaondo.

Nadzimbiri anadzaza botolo ndi madzi nalikhazika pamthunzi wa khondelo. Sankhulani anapereka kachidutswa ka biriwita kamene anadula kale kuti asokere thumba la fodya, ndipo Nadzimbiri anakayala kuseri kwa botolo. Kenaka analamula Chikadza kuti aime padzuwa ndi kalilole.

"Lozetsa kuno. Tione moto wa m'madziwo."

Kuwala kunadumpha bwalo n'kugwera pa botolo. Kuseri kwake kunaoneka kachigamba kowala. Fungulani anati asendeze nsaluyo pang'ono, ndipo poisendeza kachigambako kanachepa, kanachepa, mpaka kanasanduka kadontho. Nadzimbiri anaseka monyoza naikapo chala. Anachichotsa msangamsanga, kadonthoko katamuluma ngati linthumbu. Asanathe n'kuyamwa komwe chalacho, pansalu panatuluka kautsi, kenaka kabowo ka m'mphepete mofiira, kakukula.

Anthu anaunjikana kudzaona kabowoko.

Nadzimbiri anaponda nsaluyo ndi phazi. Anayang'ana alongo ake mmodzimmodzi, ana amene anawabereka kumsana, amene anawatafunira chakudya mayi awo atapita.

"Ndinu," anatero motsitsa mawu. "Ndaswa miphika ya munthu wosalakwa inu muli pambuyo panga, mukundithandiza kutukwana. Ndani mwa inu? Ndikufuna mmodzi."

Palibe anavomera mlandu. Ndiye anaganiza zoti zinthu zomwezo zimuuze.

Anayamba ndi kalilole. Analanda n'kumuvundikira pansi, nasiya botolo ndi nsalu pamthunzi. Anadikira. Madzi anangokhala madzi, nsalu inangokhala yozizira.

"Waona, Chikadza? Popanda iwe palibe moto."

"Achemwali, ndimvereni," anatero Chikadza. "Kalilole sasunga kanthu ndipo sawonjezera kanthu. Chimene walandira amabweza chomwecho. Dzuwa limene ndinalowetsa ndi lomweli limatiwomba tonse tsiku ndi tsiku, ndipo silinayatsepo nyumba ya munthu. Alamu anapempha okha kuwala. M'nyumba sindinalowe, botolo sindinaliwone."

"Sunaliwone chifukwa unachita ulesi kulowa. Ndinati muzisuzumira wodwala, iwe unakafunsa matenda uli kuseri kwa chitseko ngati wogula nkhuku. Unatenga dzuwa n'kulilowetsa pomwe womanga nyumba analikaniza, n'kulisiya lopanda woliyang'anira. Sunadziwe kuti limayenda? Ndi nkhuku yomwe imadziwa kuti mthunzi sukhala malo amodzi."

Kenaka anachotsa botolo, nauza Chikadza alozetse kuwala pansalu pomwepo. Nsalu inafunda ngati msana wa mbuzi, koma utsi sunatuluke. Anabweretsa mtsuko wa madzi n'kuuika pomwe panali botolo. Kuwala kunafika pa dothi la mtsukowo n'kuthera pomwepo, kuseri kwake kunali mthunzi wokhawokha.

"Nanga iwe, Gwedeza? Ukanasiya mtsuko, bwenzi nyumba yanga ilipo."

"Ine ndinaika madzi pamthunzi," anatero Gwedeza. "Chimangire nyumba ija, dzuwa linafikapo liti pakazenera paja? Ndinapeza munthu ali ndi ludzu, ndinamupatsa madzi oyera. Kodi umenewo ndiwo mlandu? Ndikanalota kuti wina abwera pambuyo panga kudzakokera dzuwa m'nyumba?"

"Nenani zonse, achimwene," analowerera Sankhulani. "Si inu munkatisimbira za woyendetsa sitima ya m'madzi amene ankayatsa fodya ndi galasi, popanda machesi? Munkaseka, mukuti ife osadziwa za kudoko sitingamvetse."

Gwedeza anachita manyazi. "Kaja kanali kagalasi kena, kakang'ono, kopanda madzi."

"Koma unkadziwa kuti galasi limaluma," anatero Nadzimbiri. "Mwa tonse pano ndiwe wekha unaonapo zimenezi. Unkadziwa, ndipo unanyoza mtsuko umene unakumwetsa uli mwana, n'kukaika chinthu chako cha kudoko pafupi ndi thonje langa."

Pomaliza anabwezera botolo, nachotsa nsalu yakuda n'kuikapo thonje loyera limene anapempha kwa mnansi. Kadontho kanagwera pathonjepo, kakuthobwa aliyense woyang'ana. Anadikira nthawi yaitali, mpaka mikono ya Chikadza inayamba kutopa ndi kalilole. Thonje linangonyezimira, osapsa.

Sankhulani sanadikire kufunsidwa.

"Ine ndinapeza alamu akubuula ndi zimene awiriwa anasiya. Ndinangophimba kuti apume. Nsalu siyatsa moto, achemwali. Inapsa monga mmene anapsera alamu. Mukaimba mlandu nsalu, ndiye muimbenso mlandu denga."

"Khala chete iwe," anatero Chikadza ataika kalilole pansi. "Ine ndinaona chimodzi, Gwedeza anaona chimodzi. Iwe wekha ndiwe unaona zonse. Botolo unaliona, kuwala unakuona, ndipo unali womaliza kutseka chitseko. Chinakuvuta n'chiyani kutuluka n'kukatembenuza kalilole?"

"Ndipo ndani sadziwa kuti chakuda chimamwa dzuwa?" anawonjezera Gwedeza. "Mbuzi yakuda ndiyo imayamba kuthawira pamthunzi. Thonje linkalibweza dzuwalo, mwaona nokha. Iwe unalipatsa pokhala. Unkangofuna nsalu yako ioneke kuti ili ndi ntchito, poti achemwali anakana kuivala."

Sankhulani anamugwira pakhosi mkulu wake Gwedeza, ndipo amuna anachita kuwalanditsa. Gwedeza atamasuka, akupuma mwawefuwefu, anatembenukira mlongo wake.

"Tikunamizana chiyani pano? Nanga amene anaunjika thonje m'nyumba yogona munthu wodwala ndani?"

Nadzimbiri anamuwomba khofi lomveka mpaka kumtengo wa masawu.

"Thonje lakhala m'nyumba imeneyo zaka zonse inu muli kunja, ndipo silinapsepo. Mwabwera ndi zinthu zanu zonyezimira, chaka chisanathe mwamuna wanga alibe manja. Ndinakulerani kuti mudzandimangire, osati kudzandiwotchera."

Pamenepo Nagama, amene nthawi yonseyi anali ataima kumapeto kwa bwalo, anayenda n'kufika pakati. Mawu ake sanakwere, koma ankatuluka ngati akuwaluma.

"Amayi, mwaona nokha. Masiku anayi ndakhala mfiti. Miphika yanga ili m'dzala, katundu wanga ali m'mitolo, pachitsime anthu amandithawa ngati wakhate. Za miphika sindikunena, dothi lilipo, ndiumba ina. Ndikufunsa za mawu anu. Munati kaya ndi wobwera, kaya ndi wa bere limodzi ndi inu. Pamene munkayesa ndine, simunayese ndi botolo, simunadikire kuti wodwala adzuke. Lero poti khoswe wakhala pa mkhate, mukufuna kumusiya?"

"Sindinanene kuti ndimusiya."

"Ndiye mutchuleni. Ngati lumbiro lanu limaluma obwera okha, nenani pano anthu amve, ndipo mukawauzenso amayi anu kumanda."

Fungulani anayesa kukweza dzanja, nalephera.

"Mkazi wanga, ngakhale muthamangitse onse, zala izi sizidzagwiranso ulusi. Atatuwa anabwera kudzandithandiza. Palibe anabwera ndi choipa mumtima."

"Ndi zimenezo zikundipsetsa mtima," anayankha Nadzimbiri, ndipo tsopano misozi inayamba kutsika, yotentha. "Akanakhala mdani ndikanadziwa chomuchita."

Anakhala pansi pafumbi, miyendo atatambasula. Akathamangitsa onse atatu, ndani amumangire nyumba mvula isanabwere? Ndani agwire khasu iye akudyetsa mwamuna amene sangathenso kunyamula chikho? Mbumba ikhala yopanda mwamuna woiyankhulira pa ukwati kapena pa maliro. Akawasiya onse, ndiye kuti wameza lumbiro lotchula manda, ndipo wauza mudzi wonse kuti Nagama si munthu. Azimayi achikulire anakambirana pambali, nabwera kudzamuuza kuti pakamwa pake panatuluka munthu mmodzi, ndipo akachoka mmodzi lumbiro likhuta.

Chikadza anayang'ana pansi. Gwedeza anagwira tsaya lake. Sankhulani anapukuta magazi pamlomo. Nagama anayala chitenje chake pakati pa bwalo nakhalapo, nati sadzuka mpaka amve dzina. Nadzimbiri anatsegula pakamwa, natseka, natsegulanso.

Ine mtolo ndautula pamenepa, inu amene mwamva muugawane. Nadzimbiri atchule ndani kuti achoke: Chikadza, amene analowetsa dzuwa m'nyumba osasuzumiramo, Gwedeza, amene anaika botolo lolisonkhanitsa chikhalirecho anaonapo galasi likuyatsa fodya, kapena Sankhulani, amene anaona zonse n'kuyala nsalu yakuda yolimwa?